Iyi Si Gogodela, a Gregory

Vuto linalowa m'nyumba ya a Gregory Chingaipe ku South B, mu Nairobi, Lachitatu lina m'chaka cha 2003, ndipo linatulukira pakamwa pa eni nyumba omwe.

"Mayi a Thandiwe, ine ndikugula mfuti."

Akazi awo, mayi Modesta, ankasita yunifolomu ya mwana. Anaimika simbi nawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mfuti? Inuyo, amene mumandiitana kuti ndidzaphe mphemvu kubafa?"

"Mphemvu ndi nkhani ina. Iyi ndi ya masewera, yowombera chandamale."

A Gregory ankagwira ntchito yoyang'anira zotumiza katundu ku bungwe lina lothandiza anthu mu Nairobi. Mwezi wathawo bungwelo linatengera antchito ake ku kalabu ya owombera chandamale, cha ku Kitengela, kuti akapitidwe mphepo. A Gregory sanawombe ngakhale kamodzi. Anangoonerera ali poteropo, zala zili m'makutu. Koma taonani zodabwitsa, anabwerako ali katswiri! Tsiku lililonse nkhani inali ya agogo awo a ku Ntcheu, amene anali ndi gogodela, mfuti yakale ija yothira onga kukamwa, yoti ukawomba kamodzi yasanduka ndodo mpaka utathiramonso.

"Zili m'magazi izi," ankatero a Gregory akudzigunda pamtima.

Tsono mwayi unapezeka. Mnzawo wakuntchito, a Griffin, ankabwerera ku Malawi Lamulungu, ndipo monga timachitira Amalawi tikamasamuka kunja kuno, ankagulitsa katundu kwa anzawo: uyu filiji, uyu mipando, uyu makatani. A Gregory anasankha chimfuti chachikulu chomwe a Griffin ankawombera ku kalabu.

"Ndiye chiphaso?" anafunsa mayi Modesta.

"A Griffin akuti chili m'chikwama momwemo, ndingotengera limodzi. Ndikatenga Loweruka madzulo."

"Mudzaisunga kuti?"

"Kunsi kwa bedi."

"Kumene Thandiwe amabisalako akaswa kapu?" Mawu a mayi Modesta anatsika. "Tamverani bambo a Thandiwe. Ine ndikuopa, ndipo sindikubisa. Chinthucho chikalowa pakhomo ili, ine ndi mwana titulukira pakhomo lomweli. Pokwerera basi ya ku Tanzania ndikupadziwa, ndipo kuchoka ku Mbeya kumudzi sikutali."

A Gregory anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Pa zaka khumi ndi ziwiri za ukwati wawo, mayi amenewa anali asananenepo chinthu n'kuchisiya.

M'mawa mwake mayi Modesta anakagogoda kwa a Carol, mayi wa ku Kenya konko wokhala nyumba yachitatu, amene ankaimba nawo kwaya kutchalitchi. Mayi wamfupi, wofatsa, wovala magalasi. Ambiri sankadziwa kuti Loweruka lililonse ndiye amaphunzitsa anthu atsopano ku kalabu ija. A Carol anamvetsera nkhani yonse nagwedeza mutu.

"Musalimbane nawo," anatero. "Mubwere nawo Loweruka m'mawa, asanapite kwa mnzawoyo. Inunso mubwere."

Loweruka a Gregory anatulukira atavala jekete lamatumba asanu ndi atatu ndi chipewa chachikulu chomwe anagula kumsika wa Gikomba. M'matatu, minibasi yopita ku Kitengela, kondakitala anawafunsa ngati akupita kukaona nyama.

Atafika, a Carol anawapatsa onse awiri zotseka m'makutu ndi magalasi oteteza maso, kenako anawauza malamulo mosathamanga. Mfuti iliyonse uziiyesa kuti ili ndi chipolopolo. Kukamwa kwake kuziloza kuchandamale basi. Chala chisakhudze kachitsulo kowombera mpaka utakonzeka. Ndipo mfuti zimene anthu atsopano ambiri amazifuna, akuti, ukawomba zimadzilowetsera zokha chipolopolo china.

Mayi Modesta ankamvetsera ngati ali pa ulaliki. A Gregory ankangoti "Ee, ee, tikudziwa," maso ali pa mfuti zomwe zinali patebulo.

"Ndipatseni ija, yofanana ndi ya a Griffin."

A Carol anaonetsetsa kuti ilibe kanthu nawapatsa. Ha, zinali zomvetsa chisoni! Chimfuticho chinali chachitali kuposa mikono yawo. Kuti tsaya lifike pamalo pake anachita kutukula khosi ngati tambala wofuna kulira. Posakhalitsa mfutiyo inawalemera, kukamwa kwa mfuti kukujambula mizere m'mwamba.

"Imeneyo ndi ya munthu wina, ndiponso ikalira imakankha phewa," anatero a Carol. "Mfuti amayesa ngati nsapato. Yoyamba izikhala yopepuka, yokwana mikono yanu, ya tizipolopolo tating'ono. Yesani iyi, timaitcha thu-thu."

"Ya ana imeneyo!"

"Imapha munthu imeneyo, bambo. Igwireni mwaulemu."

Anaigwira monyinyirika, koma inawakhala bwino paphewa ngati anabadwa nayo. A Carol anaikamo zipolopolo ziwiri naima pafupi kwambiri ndi phewa lawo. Mayi Modesta anali kumbuyo, kuseri kwa mzere woyera, atakumbatira chikwama.

A Gregory anatsinzina diso limodzi, napuma, nakoka. Phaa! Pepala lachandamale linagwedezeka, kabowo kataoneka m'mphepete.

"Ndalasa! Mayi a Thandiwe, mwaona? Magazi a agogo!"

Ndipo munthu wamkulu ndi ndevu zake anayamba kutembenuka kuti akaonetse akazi ake, mfuti ili m'manja, chala chili pompaja. M'mutu mwawo munali gogodela: yalira kamodzi, yatha ntchito.

Sanafike ngakhale theka la kutembenukako. Dzanja la a Carol linali litagwira kale mfutiyo n'kuibwezera kutsogolo, ndipo mawu amene anatuluka mwa mayi wofatsa wa kwaya uja anaimitsa bwalo lonse.

"Simama! Imani! Chala kunja!"

Bambo wina wonenepa amene ankadikira pambali anapezeka ali chafufumimba pansi pa benchi, chipewa chili kwina.

"Iii, a Carol, mukuchita kukalipa chonchi? Ndawomba kale, mulibe kanthu umu," anatero a Gregory, akuyesa kuseka.

"Mulibe kanthu? Chabwino. Lozani kuchandamale. Kokaninso."

Anakoka mwamphwayi, kuti angowasangalatsa.

Phaa!

A Gregory anayang'ana pepala lija, lomwe tsopano linali ndi mabowo awiri. A Carol anawalanda mfuti, naitsegula, naigoneka patebulo. Apo m'pamene a Gregory anacheuka, manja ali lende, naona pamene akanaloza. Panali mayi Modesta, atakumbatirabe chikwama chawo, mpango wa Chigwirizano uli kumutu.

A Gregory anakhala pansi, padothi penipeni, jekete lamatumba asanu ndi atatu litanyowa ndi thukuta.

"Modesta," anatero, kuwatchula dzina limene anasiya kulitchula pagulu Thandiwe atabadwa. "Ndikanakupha ine. Ndikhululukire."

Mayi Modesta anayandikira nawagwira paphewa. Misozi inali m'maso, koma pakamwa panali pawo pomwe paja.

"Dzukani, mukudetsa buluku. Ndinachapa dzulo."

Atamwa madzi, a Carol anawakhazika pamthunzi nawafotokozera zotsala. Chiphaso cha mfuti ndi cha munthu amene dzina lake lalembedwapo, sachipatsirana ngati makatani. Kusunga mfuti ndi chiphaso cha mnzako n'chimodzimodzi kusunga yopanda chiphaso, ndipo mapeto ake ndi ndende, ntchito n'kutha. Wofuna yake amayamba waphunzira, kenako amakapempha ku ofesi ya apolisi yoona za mfuti, n'kudikira kuti amufufuze ndi kuona pomwe adzasungire. Amagula kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo amaitsekera m'bokosi lachitsulo, zipolopolo pena, osati kunsi kwa bedi.

Madzulo ake a Gregory anapitadi kwa a Griffin, koma anakawauza kuti mfutiyo akaipereke kwa apolisi kapena kwa wogulitsa wovomerezeka asanakwere ndege. A Griffin anadandaula pang'ono, kenako anavomera. Kuti asabwerere chimanjamanja, a Gregory anatengako mpando wa ndalema.

Anaphunzira miyezi isanu ndi itatu ndi mfuti za kalabu. Anayesa zinayi asanasankhe, ndipo chiphaso chitatuluka anagula ka thu-thu komwe ankakanyoza kaja. Mfutiyo amaisunga m'chipinda chotsekedwa cha kalabu. Pakhomo la ku South B sinalowepo, choncho palibenso amene anatulukirapo kupita kokwerera basi.

Chokhacho chimene chimawawawa a Gregory n'chakuti mayi Modesta, poti ankawaperekeza Loweruka lililonse, anayesako tsiku lina. Zipolopolo zisanu, zonse pakati. Pobwerera m'matatu anawanong'oneza amuna awo kuti, "Agogo anga ine ankawumba mbiya."

Tsono inu amene mtima ukukuthamangirani pa masewera amenewa, phunzirani musanagule. Sankhani mfuti yokukwanani, yaing'ono, mutaiyesa pamaso pa mphunzitsi. Tengani chiphaso cha dzina lanu, ndipo itsekereni pomwe mwana sangafike. Koposa zonse, mfuti yodzilowetsera yokha chipolopolo ikalira, sinathe. A Gregory amauza aliyense watsopano ku kalabu mawu amenewa, ndipo akamanena amaloza pamene panaima akazi awo.