Kachigoba ka Nyanga Zitatu

Pamene Tisunge ankafika pakhomo, azakhali ake a Jennipher anali atatsuka kale theka la timagalasi ta m'bokosi la atate ake. Anakhala pansi chotambalala, beseni la madzi otentha lili pakati pa miyendo, waya wokwechera mapoto uli m'manja. Timagalasi totalika ngati chala anatiyala pa saka kuti tiume, ndipo tinkang'anima kuposa tsiku limene tinagulidwa. Pamwamba pa thovu pankayandama timapepala ta manambala.

"Atate ako anali munthu wauve, mwanawe," anatero azakhali osadzutsa mutu. "Kalikonse kali ndi kadontho ka litsilo pakati. Mailo kukacha tigawa katundu, ndiye tigawe zakuda?"

Linali tsiku lachitatu chiikireni atate ake a Tisunge, a Vitalis Daka, m'manda ku Kalindawalo. Mwambo wa pabanjapo unali wodziwika: chilichonse chimene malemu ankagwira chiyambe chatsukidwa chisanatuluke pakhomo, apo ayi mwini wake amachilondola. Malaya anali pa chingwe, nsapato pa denga la khola. Tisunge anali atathamangira ku Nyimba, kumene ankaphunzitsa, kukapempha masiku ena kwa ahedi. Za bokosilo sanauze munthu, poganiza kuti palibe angalikhudze. Pa zaka makumi awiri ndi ziwiri palibe mlendo analikhudzapo.

A Daka anagwira ntchito kunja, kugombe la nyanja yamchere, m'labotale ya sukulu ina yaukachenjede. Kumudzi ankawatcha Dokotala, ndipo iwo sanaone chifukwa chowakonzera anthu. Ntchito yawo yeniyeni inali kuphwanya miyala yokumbidwa pansi pa nthaka, kuisungunula m'mankhwala, n'kumata zotsalazo pa galasi. M'zotsalamo munkapezeka tizigoba ta tizamoyo ta m'nyanja tosaoneka ndi maso, timene tinafa mapiri a ku Nyimba asanaganize zomera. Tsiku lina anaona kachigoba ka nyanga zitatu kamene kanalibe m'buku lililonse. Pulofesa wawo anakapatsa dzina la Chilatini lalitali ngati sitima ya katundu, n'kulemba kuti kagalasi kameneko ndiko mboni ya mtundu wonsewo, ndipo wokayika akaone pamenepo. A Daka anathokozedwa pansi pa tsamba lomaliza, pamodzi ndi dalaivala. Popuma pantchito, anabisa mboniyo pakati pa timagalasi mazana atatu totayidwa n'kukwera nayo basi.

Kuyambira pamenepo akatswiri ankakangana m'mabuku awo. Ena ankati ndi mtundu pawokha, ena ankati ndi kachigoba kodziwika kale kamene kanangopindika. Wogamula panalibe, pakuti mboni inali ku Kalindawalo pansi pa bedi. A Daka ankaidziwa mikanganoyo, ndipo inkawanenepetsa. Koma m'chipatala ku Petauke, mpweya utayamba kuchepa, anagwira Tisunge padzanja n'kumuuza kuti kagalasi kokandidwa nambala 114 pakona kabwerere kwa eni ake. Anachita kumulumbiritsa. Chichokereni kumanda, Tisunge akangokhala phee, ngakhale dzuwa lili paliwombo, ankamva kutsokomola kwawo kouma kumbuyo kwake, kwa munthu amene akudikira kuti umalize zimene anakutuma.

Anagwada pa saka lija n'kuyamba kutembenuza timagalasi kamodzikamodzi. Apa n'kuti a Fabian, mng'ono wa malemu, akutuluka m'nyumba atakumbatira maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, ngati khanda lopita ku ubatizo. A Fabian anakhalapo mesenjala wa khoti zaka zisanu ndi zitatu, ndipo chichokereni kumeneko sanayankhulenso ngati munthu wamba. Anafotokoza kuti makinawo, malinga ndi dongosolo, adzagwera iwo, ndipo adzakhala pa kabati pafupi ndi wailesi. Anafotokozanso kuti mwana wa malemu alibe mphamvu yosanthula katundu asanagawidwe.

"Atate ang'ono, ndi kamodzi chabe. Ananituma kuti nikabweze."

"Anakutuma pamaso pa ndani?"

"Tinali awili."

"Ndiye palibe mlandu."

Azakhali nawo anaonjeza kuti chinthu chosatsuka chikakwera ndege, mlongo wawo akwera nacho, n'kukazunza anthu a eni kutsidya uko. Anati anavutitsa a kuno, zinakwana.

Tisunge anasanthula m'bokosi, mmene munali tosatsuka, kawiri konse. Kenako anabwerera pa saka. Anakapeza pakati pa toyera. Nambala inali pakona, yokandidwa ndi dzanja la atate ake, 4 wake wopendekeka ngati munthu wosenza nkhuni. Pakati panalibe kadontho. Kagalasi kopyapyala kovundikira pamwamba kanali katamatuka ndi madzi otentha. Atafunsa za madziwo, azakhali analoza ndi mlomo pa nthochi kuseri kwa bafa, pamene nkhuku ziwiri zinkapalasa m'matope. Limenelo linali beseni loyamba, anatero, lakuda kwambiri.

Kutsokomola kuja kunamveka pakhutu penipeni. Tisunge sanatembenuke. Anangofumbata kagalasiko mpaka m'mphepete mwake munamucheka chikhatho.

Chitseko chinalira. Anali amai ake, a Eneless, amene mwambo unawakhazika pamphasa m'chipinda kufikira tsiku lometa. Anatuluka opanda nsapato, duku lili pamphumi. A Fabian anayamba kufotokoza zimene dongosolo limanena za namfedwa, koma a Eneless anangowalanda makinawo m'manja.

"Alamu, mwagwila pa diso. Mafuta a m'manja aononga."

A Eneless anavundikira mtondo, anaimikapo makinawo, n'kutembenuza kakalirole kapansi pa makinawo mpaka kanagwira dzuwa. Anatenga 114 m'manja mwa mwana wawo, anakapukuta magazi ndi nsonga ya chitenje, n'kukalowetsa. Zala zawo ziwiri zinakakankha pang'ono kumanzere, pang'ono kumtunda, osafufuza, ngati munthu wotenga mchere m'khitchini mwake. Tisunge anasendera pafupi. Moyo wake wonse ankamva amai akewo akulitcha bokosilo magalasi a misala.

A Eneless anayang'ana nthawi yaitali. Azakhali anasiya kukwecha.

"Palibe," anatero a Eneless.

Anayankhula osachotsa diso pa makina. Anati maso a a Daka anachita nkhungu zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, moti kachigobako sankakaonanso. Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi ankatseka chitseko, kuti mudzi usadziwe kuti Dokotala saona, n'kuwakhazika pawindo. Funso linali limodzi: kalipo? Ndipo a Eneless ankayenera kukafotokoza kuyambira kumutu mpaka pansi. Akadumpha mbali ina, ankawayambitsanso. Ndiwo zinapserera kangapo.

Anapempha pepala. Tisunge anapeza m'chikwama mwake pulogalamu ya maliro ndi pensulo yolembera ana kusukulu. A Eneless anatembenuza mbali ya chithunzi cha nkhope ya amuna awo pansi, n'kujambula kuseri: thupi ngati nthanga ya dzungu, nyanga imodzi pamwamba, ziwiri pansi, kalamba kozungulira m'chiuno. Kenako kumsana anajambula kabowo, akuwerenga ngodya zake ndi milomo mpaka zinakwana zisanu ndi imodzi.

"Apa ndiye pakhomo pamene kamoyo kanatulukila, n'kusiya nyumba," anatero. "Atate ako anali kukamba kuti aja akangana chabe pa nyanga. Mtundu uli pa khomo. Uwalembele zimenezo."

"Amama, anthu aja sangavomele chithunzi cha pensulo."

"Tumiza pamodzi ndi galasi lawo. Latsukidwa, lingapite. Akane okha."

A Fabian anatsegula pakamwa, mwina kuti anene kuti pulogalamu ya maliro si chikalata, koma anangokhala pa njerwa.

A Eneless anatambasula dzanja kuti apereke pepalalo. Lili m'malere, anaima. Anapendeketsa mutu kumbali imene kunalibe munthu, ngati womvetsera zimene wazimva kambirimbiri. Anabweza pepalalo pabondo, ananyowetsa chala ndi malovu, n'kufufuta nsonga ya nyanga ya kumanzere.

"Namva, a Daka," anatero chapansipansi, n'kuijambulanso yaifupi pang'ono.