Odi kwa Nkhono za ku Paipi

Vailet amagwira ntchito mu labu ku Dudley, kutali ndi nyanja. Lolemba lililonse amalandira nkhono za zigoba ziwiri, zotoledwa pomwe paipi imathira m'nyanja madzi a m'zimbudzi oyeretsedwa. Zikafa zambiri, ndiye kuti madziwo akupha zamoyo.

Kuyeza kwake n'kosavuta: ukagogoda chigoba, yamoyo imadzitsekera.

Chifikireni kudziko lachilendoli, palibe anagogodapo pa fulati pake, ndiye Lolemba lina Vailet anagogoda pa chigoba mwaulemu.

"Odi kuno, amayi!"

Gwa, yatseka. Inanso gwa!

"Eee, ndinu akuno ndithu inu," anaseka yekha.

Yomaliza inangokhala kukamwa yasa.

"Mwandilandira?" anafunsa, nkugogodanso. Zii.

Analemba kuti yafa imodzi yokha, madzi ali bwino. Koma anachedwa kuitaya.