Ziwiri ndi Ziwiri za a Manase

Ndinadikira zaka zitatu kuti andipatse masamu a Fomu 4. Atandipatsa, a hedi ananena mosabisa kuti kukangomveka dandaulo limodzi, kalasiyo ibwerera kwa a Manase, omwe anayamba kuphunzitsa pasekondale yathu ya ku Iponga, kuno kumpoto, ine ndidakali pa pulayimale kwathu ku Dedza. A Manase sankandifuna, inenso sindinkawafuna. Ngakhale dzina langa loti Esnart linkawawawa pakamwa, ankangoti "kamtsikana ka ku Dedza".

Kutatsala masabata asanu kuti mayeso ayambe, ndinabweza mapepala a malogi ali psuu ndi inki yofiira. Ana onse analemba kuti logi (a + b) ndi chimodzimodzi logi a kuphatikiza logi b. Nditakalipa, Ireen, mtsikana wanzeru kuposa onse, anandionetsa kope lake la Fomu 3.

"Anatiphunzitsa ndi a Manase, madamu. Mpaka tinaonera pa kalikyuleta."

M'mawa mwake a Manase analowa m'kalasi mwanga osagogoda, kalikyuleta ili m'manja.

"Madamu, ndamva mukufufuta ntchito yanga. Ŵana imwe, tulutsani makalikyuleta. Logi 2 kuphatikiza logi 2?"

"0.6021," ana anayankha.

"Nanga logi ya 2 kuphatikiza 2, ndiye kuti logi 4?"

"0.6021!"

"Mwapulika? Mwamva nokha, makina sanama."

Ana anaomba m'manja. Mtima wanga unatentha. Apa m'pamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi bamboyu ankayesa lamulo lake ndi 2 ndi 2 basi, manambala omwe ukawaphatikiza kapena kuwachulukitsa yankho limakhala 4 yemweyo. Ndikanatha kuwaitanira panja n'kuwauza mwakachetechete. Sindinafune. Ndinkafuna achite manyazi ana akuona.

"Aphunzitsi, tayesani 2 ndi 3."

"Yayi, ndilibe nthawi ya masewera."

"Ireen, logi 2 kuphatikiza logi 3?"

"0.7782, madamu."

"Logi 5?"

Ireen anayang'ana a Manase, kenako pansi. "0.6990."

"Tsopano logi 6."

Kalasi yonse inadina. Wina kumbuyo anati "0.7782," mawu ali pansi ngati akuulula kuti waba.

"Lamulo ndi la kuchulukitsa, aphunzitsi, osati kuphatikiza," ndinatero. "Kaya ndi ana angati mwawagwetsa nalo mayeso."

A Manase anadina okha, kawiri. Kenako anatuluka, chitseko anachisiya pululu.

Lachisanu a hedi anandiitana. Anati masamu anga sakuwatsutsa, koma aphunzitsi anzanga adandaula kuti ndinanyoza munthu wamkulu pamaso pa ana, ndipo kuno sachita choncho. Dandaulo limodzi lija linali litakwana. Lolemba ndinapezeka ku Fomu 1, ndikuphunzitsa ana kupeza x.

Khoma la pakati pa Fomu 1 ndi Fomu 4 silifika kudenga. Ndili mkati molemba pabolodi, ndinamva mawu a a Manase, amphamvu, opanda manyazi ngakhale pang'ono.

"Fufutani za chaka chatha zija. Logi 2 kuphatikiza logi 3 ndi logi 6. Osamayesa lamulo ndi manambala ofanana, ndi ulesi umenewo. Ine ndimakuuzani nthawi zonse!"

Ana anga a Fomu 4 anavomera onse pamodzi, "Enya, sala!" Choko chinandithyokera m'manja.