Mabowo Anayi a Injini ya Alamu

Galimoto ya alamu inalowa m'galaja mochita kukankha, eni ake ali pachiwongolero, tayi ili pakhosi, ngati abwera kudzatsegulira msonkhano.

Makaniko sanadzuke msanga. Masabata atatu apitawo, alamu omwewa analengeza kwa wometa, benchi itadzaza, kuti makanikoyu ndiye anawaphera injini. Chiyambire tsikulo, pagalaja pankangofika nkhuku.

"Achimwene, chonde," anatero mlongo wake wa makaniko, mkazi wa alamuwo, ali wefuwefu ndi kukankha. "Zakale zisiyeni."

"Ine? Ndilibe nawo chifukwa."

Atailiza injini, inanjenjemera n'kumaimba mluzu ngati ketulo. Makaniko anamasula manifodi, chitsulo chogawira mpweya mu injini, n'kuitembenuza. Mng'alu unali apo. Wina anamanga mabawuti ndi mphamvu zake zonse, kuyambira kumapeto m'malo moyambira pakati, ndipo chitsulo chitang'aluka anamatapo guluu wa nsapato.

Anaitana wometa uja, wowotcherera ndi mayi wogulitsa matayala kuti adzamuthandize kuona, poti maso ake akalamba.

"Mabowo anayi olowera mpweya mu injiniwa ali pululu," anatero makaniko. "Kukalowa kamchenga kamodzi, injini yatha. Tiwatseke msanga. Koma nsanza zandithera."

Thumba la nsanza analikankhira kunsi kwa tebulo ndi chidendene.

Alamu anapereka kampango ka m'thumba. Kenako tayi. Panatsala mabowo awiri. Makaniko anayang'ana fumbi louluka pakhomo, n'kuyang'ana mapazi a alamu. Masokosi anavulidwa.

"Tsopano alamu, guluuyu anamata ndani? Ngati ndine, manifodi yatsopano sindiika. Ndingakuwonongereninso."

Alamu anaima chosavala nsapato pa simenti ya oilo. Anakonza kolala yopanda tayi.

"Ndinangolimbitsako pang'ono."

"Kwezani mawu. Awotcherera awa makutu anatha kalekale."

"Ndine! Ndinamanga ndine, guluu ndinamatanso ndine!"

"Abambo inu!" anatero mlongo uja. "Guluu uja ndinam'funafuna nyumba yonse!"

Mayi wa matayala anapukuta misozi ya kuseka, n'kufunsa makaniko ngati angaone mabuleki a lole yawo lero lomwe.

"Mawa, mayi. Lero ndili ndi m'bale."

Anatenga kampeni n'kuyamba kupala gasiketi yakale, chomatira cha pakati pa manifodi ndi injini, pang'onopang'ono. Inali ntchito ya mphindi khumi. Anaganiza zoimaliza dzuwa litapendeka.