Mitsuko ya Poko

Poko, mkazi wamkulu wa Noaga, atamwalira, dimba la kuseri kwa mpanda linatsala m'manja mwa Habibou, mkazi wamng'ono. Nthaka ya ku Yatenga ndi youma gwa ngati chikopa chakale, ndipo Poko anatha zaka akuinyengerera. Ankakumba timaenje, n'kuthiramo ndowe za mbuzi kuti chiswe chibwere chidzafewetse pansi, kenako n'kukwirira mitsuko yadothi mpaka m'khosi. Madzi ukawathira mumtsuko n'kuvundikira ndi phale, ankatuluka pang'onopang'ono ngati thukuta, mizu n'kumamwa dzuwa osaona. Therere, chidede ndi anyezi zinkakhala zobiriwira ngakhale mphepo ya fumbi iwombe bwanji.

Chaka chimenecho kutentha kunafika msanga. Habibou anabereka movutikira, malungo n'kumugweranso, moti anagona osadzuka, osatunga. Tsiku limene miyendo inamulola, anadzikoka kupita kudimba, akudziwa kuti akukaona zouma zokhazokha.

Anapeza therere litachita maluwa. Anavundukula mtsuko woyamba: madzi anali tho, ozizira bwino. Wachiwiri chimodzimodzi, mpaka yonse. Ndipo madziwo ankanunkhira fodya wotafuna, uja Poko ankamusunga m'tsaya.

"Bambo a mwana, mwakhala mukuthirira ndinu?"

Noaga anali pamthunzi akupota chingwe cha bulu. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ine? Kusenza mtsuko ndevu zonsezi? Malungo aja sanakuthere iwe. Kafunse anzako a kuchitsime."

Anzakewo anakana onse. Chitsime chinali chitatsika, aliyense ankalimbana ndi za pakhomo pake.

Mawa lake masana, dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse uli zii, nkhuku zitayasama pansi pa nkhokwe, Habibou anakhala pakhomo la dimba akuyamwitsa. Phale la mtsuko wakumapeto linasuntha lokha. Kunamveka madzi akukhuthulidwa, koma munthu panalibe. Phalelo linabwerera pamalo pake, lotsatira n'kusuntha. Pafumbi pankatuluka mapazi, limodzi loponda bwino, linzake lokhwekhwereza, momwe Poko ankayendera chimulumireni njoka. Mapaziwo anatsata mzere wonse, n'kudzaima patsogolo pake. Mwana anasiya bere, n'kumayang'ana m'mwamba ngati wina wamuweramira.

"Akulu," anatero Habibou, "mwaswera bwanji? Mwanayu ndi wanu yemwe. Zikomo pa ntchitoyi."

Mapazi aja anaima kanthawi, kenako anatembenuka, kulowera kumpanda.

Atamuuza Noaga, iye anapukusa mutu. "Akufa amatungira chiyani? Pansi apo pali kasupe, basi. Tikamupeza talemera."

"Musakhudze mitsuko ya eni ake, chonde."

Koma Noaga anali atanyamula kale khasu. Anakumba mozungulira mtsuko wapakati, khasu linaphonya, mtsuko n'kusweka. Madzi anamira pomwepo. Anakumbabe mpaka m'chiuno, osapeza kanthu koma fumbi ndi tinjira ta chiswe.

Kuyambira tsikulo mitsuko inauma. Habibou analibe mphamvu zofika kuchitsime, masamba anayamba kugwa nkhope.

Kenako kunja kwa mpanda wa dimba kunapezeka kadzenje katsopano, kokumbidwa mwaluso, dothi litaunjikidwa mbali yakumunsi, ndowe zili kale mkati. Palibe anamva kukumba, chonsecho pabwalopo pamalimba moti khasu limathetheka moto. Mawa lake kanapezeka kena kutsogolo kwa koyamba kaja. Noaga anakwirira timaenjeto akung'ung'udza, koma pobwera kodyetsa bulu anatipeza tili kukamwa yasa, titawonjezekanso. Mzerewo unadutsa pabwalo, unalambalala nyumba ya Habibou, n'kulunjika kunyumba ya Noaga.

Kadzenje katafika pakhomo penipeni, Noaga anasiya nthabwala. Anaima pamenepo, chingwe chili m'manja, milomo ili mbuu.

"Habibou, mkazi ameneyu akufuna chiyani?"

"Munakhala naye zaka zonse zija, lero mufunse ine?"

"Ndikufunsa bwinobwino."

"Dzenje limafuna mbewu. Mbewu imafuna madzi. Za mtsuko mukuzidziwa nokha."

Noaga anapita kwa woumba mbiya, anabwera ndi mtsuko watsopano, anaukwirira yekha pamalo pa wosweka uja, akuyankhula motsitsa mawu zimene Habibou sanazimve. Atatero anamanga bulu pangolo, ulendo wa kuchitsime. Kumeneko anaima pamzere pakati pa amayi.

"Ee, Noaga! Mpango mwaiwala kuti?" anakuwa mmodzi.

"Musiyeni, ndi mtsikana watsopano, sanazolowere!"

Chitsime chonse chinafa ndi phwete, koma iye anangogwira chingwe n'kumakoka. Anatunga tsiku limenelo, anatunganso masiku onse otsatira mpaka mvula inagwa. Timaenje sitinawonjezekenso.

Habibou anadzala khobwe mumzere wonse uja, ngakhale m'kadzenje ka pakhomo. Khobweyo anayanga mochititsa mantha, anakwera khoma, anazinga chitseko, moti Noaga ankalowa m'nyumba mwake chammbali, atakweza mwendo ngati akuwoloka mtsinje. Khobweyo atacha, Habibou anaphika mphika waukulu, anthu a mpanda wonse anadya mpaka kunyambita zala. Noaga anayang'ana mbale yake nthawi yaitali, kenako anaikankhira kwa ana, akuti m'mimba simuli bwino.