Mlendo wa Tige

A Lindsay Trewin atagulitsa famu ya nkhosa ndi kusamukira m'tauni ya Bendigo, galu wawo Tige anasowa chochita. Anali galu woweta nkhosa, wofiirira, imvi zitayamba kumugwira kukamwa. Tsiku lonse ankangogona pakhonde, maso ali kumsewu.

Tsiku lina akumwa tiyi, akazi awo, mai Noelene, anati, "Ndalembetsa kubungwe lija. Atibweretsera mwana wa galu kuti timulere. Akakula adzamutenga, akaphunzire kutsogolera anthu osaona."

"Galu tili naye kale pakhomo pano."

"Ameneyo? Ameneyo ndi mphasa ya pakhonde."

Kagaluko kanabwera kali ndi dzina kale, Juno. Kanali kakuda bii, mapazi akuluakulu ngati obwereka. Anakabweretsa Marnie, mtsikana wa kubungwe, amenenso anasiya malamulo: osakwera pasofa, osalandira chakudya patebulo, osathamangitsa mpira. Mai Noelene anagamula kuti malamulowo akhudze agalu onse awiri. Koma Tige anakulira kudya makoko a buledi kuchokera m'manja mwa mbuye wake, choncho a Lindsay anayamba kukadyera chakudya cham'mawa m'galaja, awiriwiri ndi galu wawo.

Poyamba Tige sankamufuna mlendoyo. Juno akamuluma khutu, iye ankangoonetsa dzino n'kusamukira pena. Nyengo yozizira itafika anagonja, ndipo ankapezeka atagona mothinana pafupi ndi mbaula. Juno anayamba kumutsatira paliponse, ngakhale pokauwa wamakalata.

Patapita miyezi, Marnie anayenda nawo kumsika kuti aone mmene Juno akuchitira atavala kajekete kake ka ntchito. Pobwerera nkhope yake sinali bwino.

"Basi saiopa, phokoso saliopa," anatero. "Koma akangoona galu mnzake, mutu wonse umapita komweko. Tsiku lina adzakokera munthu pamsewu. Akapitiriza chonchi, sapambana."

"Ndiye mwati wamuononga ndi Tige?" anafunsa a Lindsay.

"Ayi, bambo. Ndikuti Tige ndi amene angatithandize. Muzimudutsitsa pafupi Juno akavala jekete. Akaphunzira kusacheukira galu amene amamukonda, enawo savuta."

A Lindsay anaona kuti ndi nkhanza zachabechabe, ndipo ananena zimenezo mtsikanayo atachoka. Komabe m'mawa mwake anatenga chingwe. Anakhala akuphunzitsa agalu moyo wawo wonse, ndipo ntchito yochitidwa mwaulesi inkawanyansa kuposa ntchito yoipa. Mai Noelene akamayenda ndi Juno, iwo ndi Tige ankayamba kudutsa kutsidya kwa msewu, kenako pakati, kenako pafupi ndithu mpaka michira kukhudzana. Nthawi zina ankabisala kuseri kwa mpanda wa anansi n'kutulukira mwadzidzidzi.

"Inu, mwatsala pang'ono kundiphulitsa mtima!" ankakalipa mai Noelene.

"Yang'anani galu wanuyo, musayang'ane ine."

Juno ankalira, kukoka, kukhala pansi n'kukana kuyenda. Pang'ono ndi pang'ono anasiya. Tige yekha ndi amene sanamvetse. Nthawi iliyonse ankagwedeza mchira, mnzakeyo n'kumudutsa ngati chitsa. Akafika kunyumba jekete n'kuvulidwa, ankagubuduzana pakapinga monga kale.

Tsiku lomutenga Juno, mai Noelene analira m'bafa, mpopi atautsegula. A Lindsay ananyamulira Marnie thumba la chakudya chotsala mpaka kugalimoto. Tige ananunkhiza pogona pa mnzake masiku angapo, kenako anabwerera pakhonde. Patapita nthawi a Lindsay ndi akazi awo anamva kuti Juno wapambana ndipo wapatsidwa munthu. Sanauzidwe kuti ndani.

Chaka chotsatira, Loweruka lina, a Lindsay anapita ndi Tige kukagula misomali. Akutuluka m'sitolo, chingwe chinakungika. Kutsogolo kunkabwera bambo wamtali wa magalasi akuda, atanyamula chikwama cha gitala kumsana, dzanja lili pachogwirira cha galu wakuda. Tige anayamba kulira chapansipansi.

A Lindsay anafupikitsa chingwe n'kuima m'mbali mwa khoma. Galuyo anali Juno, atanenepa pachifuwa. Atafika pafupi, khutu limodzi linagwedezeka, mphuno inatukuka pang'ono, koma mapazi sanasinthe. Anamulambalalitsa bamboyo chikwangwani cha pakhomo pa sitolo, n'kukaima pamphepete pa msewu kudikira.

"Pali galu pamenepa, eti?" anafunsa bamboyo, osatembenuka.

"Alipo, achimwene. Nkhalamba chabe, ndaigwira."

"Zikomo. Ena amangowasiya kuti apatsane moni, ngati tili paukwati."

Magalimoto ataima, awiriwo anawoloka n'kukhotera kusiteshoni. Tige anawayang'ana mpaka anazimiririka, ndipo panafunika kumukoka kuti ayende. Panjira a Lindsay anagula soseji yootcha kwa anthu osonkhetsa ndalama za timu ya mpira, n'kumupatsa Tige yonse, buledi ndi anyezi womwe.

Kunyumba anapeza mai Noelene akuthirira maluwa.

"Takumana ndi Juno," anatero a Lindsay.

Mai Noelene anatseka mpopi. "Ali bwanji? Anakuzindikirani?"

"Wanenepa. Munthu wake amaimba gitala."

"Ndafunsa ngati anakuzindikirani."

"Anali pantchito, mai."

Kenako mai Noelene anati Marnie anaimba foni, ali ndi kagalu kena kofuna pokhala mwezi wamawa. A Lindsay anati aganizira. Analowa m'galaja kukasunga misomali, ndipo ali mommo anayamba kuyeza matabwa otsekera mpata wa pansi pa geti, pamene kagalu kakang'ono kangathe kutulukira.