Galimoto ya Alamu m'Galaja ya Adokotala

Amene anayamba kuiona galimoto ija ndi Adokotala. Anali dokotala wa mano, bambo wofatsa, wosachita chinthu mothamanga. Akaweruka kuchipatala kwawo ankazungulira dala kuti adutse pamalo ogulitsira magalimoto oyendapo kale. Inali pakona, kuseri kwa galasi: yazitseko ziwiri, yotuwa ngati mtambo wa mvula, boneti yaitali, denga lake lolekeza m'chiuno mwa munthu. Galimoto zamtunduwu amazipangira maulendo ataliatali, iwe uli phee pampando wachikopa, msewu ukungotha wokha. Mwiniwake woyamba anaisiya chifukwa mawondo sankamulolanso kulowamo.

Adokotala ankaifuna, koma mwa njira yawo: kuwerenga kaye, kufunsa kaye, kugona nazo kaye. Loweruka lina anatenga mlamu wawo, mlongo wake wa mayi a kunyumba, kuti akangomuonetsa. Mlamuyu ntchito yake inali yoika matailosi m'nyumba za anthu, ndipo zinthu zinkamuyendera. Anaizungulira kamodzi, n'kumenya tayala ndi nsapato.

"Tailizani timve," anauza wogulitsa.

Injini itabangula, Adokotala anasendera pafupi. Mlamu anangoseka.

"Ndaitenga imeneyi."

Adokotala anayesa nthabwala. Mlungu usanathe anamva hutala pageti.

"Alamu, kwathu kuja msewu ndi maenje okhaokha, geti nayonso ndi yopanikiza," anatero mlamuyo, mutu uli pawindo. "Galaja yanu ndi yabwino. Izigona kuno."

Adokotala asanatsegule pakamwa, mkazi wawo anali atayankha kale kuti palibe vuto. Galimoto yakale ya Adokotala anaitulutsa, n'kukaiimika pansi pa mtengo, pomwe mbalame zinkaichita zomwe zikufuna.

Kuyambira pamenepo mtima wa Adokotala sunakhalenso m'malo. M'mawa uliwonse ankadutsa m'galaja ngati akufuna tsache, n'kuima pambali pa chitseko chokhoma, makiyi ali m'thumba la munthu wina. Mlamu ankabwera kumapeto kwa mlungu, thalauza ili mbuu ndi simenti, n'kudziponya pachikopa paja osadzikuntha n'komwe. Zidutswa za matailosi ankaziika pampando winawo. Ankadyeramo mtedza. Choipitsitsa, ankaitchula kuti "kangolo kanga".

Aneba nawonso sankathandiza. "Adokotala, mwagulatu chilombo!" Masiku ena ankayankha kuti n'cha alamu. Masiku ena ankangomwetulira osatsutsa, ndipo amenewo ndiwo anali masiku owawa kwambiri.

Tsiku lina mlamu anatenga mlongo wake kukazungulira. Mayiwa anabwerako akuseka ngati mtsikana, duku lili m'manja.

"Bambo, imene ija siyenda, imauluka."

"Ine nditaitchula munati ya mipando iwiri tizikweza apongozi padenga?"

"Inu munkangoitchula. Mnzanu anagula."

Adokotala anasiya tiyi wawo osamaliza.

Ndiye m'mawa wina anaona kadontho ka oilo pansi pa injini. Anagwada, n'kukakhudza ndi chala, ndipo anamva kukoma kumene anali asanamve kwa nthawi yaitali. Mlamu atabwera anamuitanira pomwepo.

"Mwakaona ako? Zimayamba chonchi."

Anayankhula ndi mawu ofewa aja amene ankauzira odwala kuti dzino lawola mpaka kumuzu. Matenda a galimoto zimenezi ankawadziwa onse, si paja anawerenga kwa zaka. Anafotokoza za giyabokosi imene imafa osatsanzika, za mabuleki amene sapezeka m'sitolo wamba, za zipangizo zochita kuitanitsa kutali galimoto ili pamiyala miyezi. Bodza lenileni panalibe. Ankangosankha zoti anene. Mlungu wotsatira anamva kaphokoso kumbuyo. Wotsatirawo anaona kautsi.

Maganizo awo anali akuti mlamu atopa nayo, tsiku lina adzangoti, "Alamu, ingoitengani." Ndipo zinkaoneka kuti zikupita komweko. Mlamu anasiya kutsegula wailesi poyendetsa, khutu lili ku injini. Ankabwera, n'kusuzumira pansi, n'kubwerera kwawo pa lole yake ya matailosi. Adokotala anayamba kudya bwino.

Lamulungu lina masana mlamu anafika ndi mayi wina wamtali, wovala magalasi akuda. Anati ndi loya. Mayiyo anapereka moni mwaulemu, kenako mlamu anamuponyera makiyi.

"Ndagulitsa, alamu."

Adokotala anayang'ana makiyi aja. "Osandiuza ine?"

"Mlongo wangayu anati mwina inu mungaifune. Ine ndinati ayi. Munthu amene amadziwa matenda ake onse ndi inu, ndikupatseni bwanji? Chinthu chodwala sugulitsa pachibale, mawa tingadane. Ndipo zikomo, alamu, mwanditsegula m'maso. Ine ndikanafa nayo."

Mayi uja anali atakhala kale pachiwongolero, akukonza mpando.

"Ine ndinapita nayo kwa makaniko wanga dzana, inu muli kuntchito," anatero. "Akuti imeneyi ndi yamoyo, yosamalidwa bwino. Dontho lija ndi kalabala kakang'ono, wasintha kale. Pepani bambo, mungandikankhireko getiyo pang'ono? Ndikuopa kukanda."

Adokotala anapita kukagwira geti. Galimoto inawadutsa pafupi kwambiri moti anadziona pachitseko chake, wamfupi, wonenepa, dzanja lili pachitsulo. Inatsikira mumsewu pang'onopang'ono, n'kukhota. Mlamu anawasisita paphewa, n'kunena kuti akuthamangira kasitomala.

Madzulo patebulo Adokotala ankangotembenuza chakudya ndi foloko. Mkazi wawo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mukanangonena, bambo."

"Ndinene chiyani?"

"Kuti mukuifuna. Mwana uja amakuopani ngati bambo ake. Akanakupatsani tsiku lomwelo, ngakhale pamalo pogulitsira paja."

Adokotala anafuna kuyankha kuti galimoto zotere ndi mavuto okhaokha, koma anangozisiya. Anapempha mchere. Mkazi wawo anawapatsira, n'kuyamba kukamba za mpope wa kubafa umene unali kudontha.